Mwala wa ku Jeremani Umene Unandimangitsa

Anabwera kudzandiitana Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Febuluwale, manja anga ali girisi yekhayekha. Ndinali nditamasula injini yopopa madzi a m'tauni, mabawuti nditawandandalika pa saka kuti ndisawasokoneze pomanga. Mesenjala wa ku ofesi anaima pakhomo osalowa. Masiku onse ankalowa n'kundipempha fodya, koma tsiku limenelo maso ake anali pansi.

"Akukufunani kwa abwana," anatero.

"Kawauzeni ndibwera ndikamanga injiniyi. Tauni yonse ilibe madzi."

"Akuti mubwere mmene mulilimo."

Ndinapita mmene ndinalilimo. Mu ofesi abwana munalibe. Munali amuna awiri osavala yunifolomu, mmodzi atakhala pa mpando wa abwanawo, pansi pa chithunzi cha mwini dziko chimene chinkapachikidwa mu ofesi iliyonse masiku amenewo. Anandilankhula mwaulemu kwambiri.

"Tingopita nanu pang'ono, bambo, mukayankhe mafunso awiri atatu. Mubwera kudzamaliza ntchito yanu."

Injini ija sindidziwa kuti anaimanga ndani.

M'nkhani ino sinditchula dzina la munthu. Ena mwa iwo anamwalira, ena ali ndi ana amene ndakhala nawo pa benchi limodzi m'tchalitchi ku Aston, kufupi ndi kuno, ana abwino osalakwa kanthu. Ndikulemba ndili ku Walsall, tauni ya m'dziko la Angerezi, m'nyumba ya mwana wanga wamkazi amene ndi namwino. Tsiku limene ananditenga, mwanayu anali akukwawa. Kuyambira pamenepo mpaka chaka chino cha 2006, anali asananditchulepo kuti ababa ngakhale kamodzi, ndipo ndinkaopa kuti ndidzafa asanatero. Nkhani ya mwala ndi nkhani ya mwana wanga ndi imodzi, choncho ndiyamba ndi mwala.

Chaka chimodzi ndisanamangidwe, boma linanditumiza ku Jeremani miyezi ingapo kukaphunzira za makina opopa madzi. Ndinasiya mkazi wanga ali woyembekezera. Anandiika m'katauni kakang'ono koti munthu woyenda pansi angakathe asanatope, m'nyumba ya mayi wina wachikulire wamasiye. Mayiyu ankalankhula Chingerezi chothyokathyoka chimene anatola kwa asilikali nkhondo itatha, ndipo changa sichinali chabwino kuposa chake, motero tinkamvana bwino.

Pakati pa bwalo la msika panali chimwala chosemedwa cha makona anayi, chotalika kupitirira munthu, chokhala ndi masitepe pozungulira. Pamwamba pake panalibe kanthu kupatula chibeseni cha maluwa ofiira. Loweruka lililonse madzulo mayi uja ankanyamula kheni ya madzi kupita kukathirira maluwawo, ndipo popeza miyendo inkamuvuta, kukwera makwerero inasanduka ntchito yanga. Tsiku lina ndinamufunsa chifukwa chimene anthu anamangira mwala waukulu chonchi pofuna kungodzala maluwa.

Anandiuza kuti mwalawo unali tsinde la chipilala. Makolo awo anaikapo chiboliboli chamkuwa cha mfumu yawo itakwera hatchi, ndipo iye ali kamtsikana ankafola ndi anzake a sukulu kudzaika nkhata za maluwa pa tsiku lobadwa mfumuyo. Ufumu unatha, koma hatchi inakhalabe mpaka nkhondo yachiwiri, pamene mkuwa unayamba kufunika popanga zida. Anabwera ndi zingwe, n'kudula miyendo ya hatchi, n'kutsitsa mfumu chafufumimba, n'kupita nayo kukasungunula. Wolamula wa nthawi imeneyo anaikapo chiwombankhanga chamwala chogwira chizindikiro cha chipani chake, ndipo anthu anafolanso. Nkhondo itatha, anthu omwe aja anabwera ndi nyundo n'kuchiphwanya. Kenako a khonsolo anasowa choikapo chimene sichingadzawachititse manyazi, n'kuikapo maluwa.

Atamaliza kufotokoza, mayi uja anasisita mwalawo ngati mmene timasisitira ng'ombe yakale, n'kunena kuti apamwamba amasinthana, koma uwu wokha ndiwo umakhala. Mnzanga wina wa kumaphunziro anatijambula tsiku lomwelo, ine ndi mayi uja titaima pa masitepe, kheni ili m'manja mwanga. Ndinachapitsa zithunzi ziwiri.

Nditabwerera kwathu ndinapeza mwana atabadwa, ndipo kuntchito ndinapeza chintchito cha mnanu. M'tauni yathu ankamanga chipilala cha mwini dziko pamphambano, ndipo ife a madzi tinkayala mapaipi a kasupe woti azitumphuka kutsogolo kwake pa tsiku lotsegulira. Ine ndinali munthu wokonda nkhani, wosatha kusunga chinthu chokoma m'kamwa. Pa nthawi ya tiyi, kuseri kwa nyumba ya injini, anzanga anandifunsa za kunja, ndipo ndinatulutsa chithunzi chimodzi n'kufotokoza mbiri yonse ya mwala, ndikumayerekeza ndi manja mmene hatchi inatsikira. Nditafika pa mawu a mayi uja, mmodzi wa ife anafunsa.

"Ndiye chathu tikumangachi adzadzalapo maluwa anji?"

Tonse tinaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, mpaka tiyi anandipalira pakhosi. Amene anafunsa funsolo sanamangidwe, ndipo chaka chotsatira ndinamva kuti anamukweza pa ntchito. Zimenezi ndangozinena.

Mafunso awiri atatu aja anayamba tsiku lomwelo masana, m'chipinda cha mawindo opakidwa penti. Chithunzi changa chinali patebulo, ndipo sindidziwa nthawi imene anachichotsa m'thumba la jekete langa. Wofunsa anali mwamuna wonenepa wa mawu ofewa, amene ankasenda malalanje uku akulankhula. Anandiuza kuti ndifotokoze nthano ija monga ndinaifotokozera kwa anzanga, osasiya kanthu. Ndinafotokoza. Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

"Bwanji simukuseka? Kuja munaseka."

Ndinayankha kuti inali mbiri chabe ya tauni ya eni ake.

"Bambo, ife si ana. Mfumuyo tikuidziwa, musavutike kutiuza. Zingwezo tikuzimvanso. Chimene tikufuna ndi chimodzi. Hatchiyo ndi ndani?"

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinati hatchi inali hatchi, yamkuwa, ya miyendo inayi.

"Palibe hatchi yopanda dzina," anatero, n'kutaya makoko a lalanje m'dengu. "Alipo wamkulu wina amene anakutumani kuti muzifalitsa zimenezi. Mfumu ikamatsika, iye akuti atsala. Mutiuza."

Atatuluka analowa anyamata ena awiri amene sankafunsa mafunso. Nkhani ya hatchi inatenga masabata angapo. Ndikanakhala ndi dzina loti ndiwapatse, mwina ndikanawapatsa, sindikufuna kudzitama kulimba mtima kumene ndinalibe. Koma ndinalibe hatchi. Potha masabata amenewo sindinkathanso kuvala nsapato, ndipo anandinyamula pondikweza galimoto.

Sindinaonekere kubwalo la milandu. Ananditengera kundende ya kutali, kudera lotentha, n'kundiika ndekha m'kachipinda koti ndikatambasula manja ndinkakhudza makoma onse awiri. Munali bulangeti limodzi, ndowa, ndi kawindo pamwamba kamene kankaonetsa thambo lokwana chikhatho. Miyendo yanga anaimanga maunyolo. Poyamba maunyolo amadya khungu, kenako khungu limauma n'kuwazolowera, ndipo munthu amaphunzira kuyenda timasitepe tating'ono kuti asamveke.

Asilikali a ndende anandipatsa dzina loti Mjeremani. Wina ankagogoda chitseko ndi ndodo m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuphika malata, n'kufuula kuti, "Mjeremani, kwanu lero kukuzizira bwanji?" Wina wachikulire, amene ankabweretsa phala m'mawa, anandipeza tsiku lina ndikukanda khoma ndi mwala pofuna kulemba masiku.

"Madala, musamawerenge," anandinong'oneza. "Amene amawerenga ndi amene timawanyamula pa machira."

Ndinasiya kuwerenga, n'chifukwa chake m'nkhani ino mulibe masiku ambiri.

Chimene chinandipweteka kwambiri m'kachipindamo si maunyolo ayi, koma kusowa munthu wondiyankha. Ine amene ndinkalankhula ngakhale ndi injini, ndinkatha mlungu wonse osamva mawu anga. Kuti mutu usazungulire ndinayamba kuyenda m'maganizo. Ndinayesa kupita kunyumba kwanga, koma kumeneko kunkandiliza, ndipo nkhope ya mwana wanga inandithawa chaka choyamba chisanathe. Makanda amafanana, ndipo ndinkadziwa kuti amene ndikumukumbukirayo kulibenso, wakula. Choncho ndinkapita ku Jeremani. Ndinkatuluka pakhomo pa mayi uja, n'kudutsa pa sitolo ya buledi, n'kukhota pa tchalitchi, n'kufika pa bwalo la msika. Ndinkakwera makwerero n'kuthirira duwa lililonse palokha. Loweruka ndinkalizindikira pomva asilikali akumvera mpira pa wailesi, ndipo sindinadumphepo Loweruka ngakhale limodzi.

Zinkandichititsa manyazi kuti mwala umene unandimangitsa ndinkaudziwa mng'alu uliwonse, pamene mwana wanga ndinali nditamuiwala maso. Koma mwalawo unkandigwira mtima. Ndinkati mayi uja ananena zoona, apamwamba adzasinthana, ine ndikhale ngati mwala, ndingokhala.

Patapita nthawi anandichotsa maunyolo n'kundisakaniza ndi akaidi ena. Munali aphunzitsi, alimi, ndi anthu a mpingo wina amene anakana kugula khadi la chipani. Aliyense ankafotokoza chimene chinamubweretsa, koma ine ndinkangoti ndinaseka pamalo olakwika. Nthano ya mwala sindinaifotokozenso kwa munthu.

Ananditulutsa Lachisanu lina m'mwezi wa Julayi, osandiuza chifukwa, monga momwe sanandiuzire pondilowetsa. Mkulu wa ndende anandipatsa ovolosi yanga ija m'thumba la pepala, girisi ali momwemo.

"Mwini dziko wakukhululukirani," anatero. "Tsono mvetsani. Kumene munali, munali kusukulu. Mukaiwala zimenezi, malo anu sitinapatse munthu."

Mkazi wanga ndinakamupeza kwawo ku Ntcheu, chifukwa m'nyumba ya boma anamuthamangitsa mlungu womwe ananditenga. Anandiona ndikubwera pa njira ya kumunda, n'kukhala pansi pomwe anali. Tisanalowe m'nyumba anandigwira dzanja n'kundiuza chinthu chimodzi mwachangu. Mwana anali atayamba sukulu, ndipo mwana amalankhula. Akanati anene m'kalasi kuti bambo ake ali m'ndende ya andale, mawuwo akanafika kwa a chipani dzuwa lisanalowe. Choncho mkazi wanga, ndi abale onse, ankamuuza kuti bambo ake anabwerera ku Jeremani kukapitiriza maphunziro. Umboni unalipo, chithunzi chachiwiri chija, chimene ankamuonetsa akafunsa. Mabanja ambiri ankatero masiku amenewo. Abambo ena ankati ali ku Joni, ena ku Halale, ine ndinali ku Jeremani.

Mwanayo anabwera kuchokera kusukulu, atavala yunifolomu yomukulira. Anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, munthu wowonda wopanda mano awiri akutsogolo, wosafanana ndi wa pachithunzi. Kenako analimba mtima.

"Mwandibweretsera chiyani ku Jeremani?"

Ndinayang'ana mayi ake, mayi ake anayang'ana pansi. M'manja mwanga munali thumba la pepala lija basi.

"Katundu akubwera pambuyo," ndinatero.

Kwa masabata angapo ankapita kukaima kumsewu basi ya ku Blantyre ikamadutsa. Kenako anasiya kupita, ndipo anasiyanso kundifunsa kalikonse. Chaka chotsatira malume ake anamutenga kupita naye ku Lilongwe n'kumulembetsa sukulu pa dzina lawo, poti ndi dzina langa sakanasankhidwa kupita kusekondale. Ankabwera pa tchuthi, waulemu, wakhama pa ntchito, koma pondiitana ankangoti inu. Atabereka mwana wake anapeza njira yosavuta, n'kuyamba kunditchula kuti agogo.

Ulamuliro utasintha anthu ambiri anafotokoza zawo pa wailesi. Ine sindinatero. Ndinkadziwa kuti mwana wanga anamva kale zoona kwa anthu ena, ndipo ndinkati akafuna adzandifunsa. Sanandifunse. Mkazi wanga ndiye anali mlatho wathu, ankandiuza zimene mwana wanena, n'kumuuza mwana zimene ine ndanena. Atamwalira chaka chatha tinatsala awiri opanda wotilankhulira. Pamenepo mwana wanga anandiitanitsa kuti ndidzakhale naye miyezi isanu ndi umodzi kuno ku Walsall, ndisinthe mphepo.

Ndinafika m'mwezi wa Malichi. Nyumba yake ndi imodzi mwa nyumba zolumikizana khoma ndi khoma, za njerwa zofiira, msewu wonse zofanana. Mwamuna wake amayendetsa galimoto ya katundu ndipo amabwera pa mapeto a sabata. Mdzukulu wanga amapita kusukulu m'mawa, ndipo ndikamulankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi chothamanga chimene ndimangogwirako mchira. Mwana wanga amagwira ntchito pa chipatala chachikulu ku Dudley, nthawi zambiri ya usiku, ndipo masana amagona. Tsiku loyamba anandipempha.

"Agogo, ndikakhala pa ma night muzichepetsako phokoso, ndimafuna ndigoneko ndisanapite ku shift."

Anapempha munthu woyenera. Palibe amene amadziwa kuyenda m'nyumba osamveka kuposa ine. Ndinkakhala m'chipinda chochezera, wailesi yakanema yozimitsa, ndikuyang'ana mvula pawindo, mwana wanga ali mtulo pamwamba pa mutu wanga. Wa makalata akaponya makalata pa kabowo ka chitseko, kachitsulo kake kankalira, ndipo ndinkapezeka nditaimirira, manja m'mbali. Ndinali ndi chakudya, bedi lofewa ndi kiyi wanga, koma ndinena poyera kuti kusungulumwa kwake kunali kwa mtundu womwe uja.

Masiku opanda mvula ndinkakwera basi kupita pakati pa tauni. Kumeneko kuli chiboliboli cha namwino wina wakalekale, ataima pa mwala wake, nkhunda zikumutera paphewa. Ndinkakhala pafupi n'kumaonerera anthu akudutsa osamuyang'ana. Ndinkaganiza kuti mwina ameneyu akhalitsa, poti palibe amene anakakamizidwa kufola pamaso pake. Ndinkafuna kumuuza mwana wanga zimenezi, koma ndikafika kunyumba ndinkapeza akusita yunifolomu, n'kungomufunsa ngati wadzuka bwino.

Miyezi inatha choncho. Tikiti yanga yobwerera inali ya mwezi wa Seputembala, ndipo pofika kumapeto kwa Ogasiti ndinali nditavomereza kuti ndibwerera ndili agogo.

Lachinayi lina ndinakwera basi yolakwika pochokera m'tauni, ndipo pochita manyazi kufunsa ndinatsika n'kuyenda pansi ulendo wonse, nditavala nsapato zatsopano zimene mwana wanga anandigulira. Ndinafika phazi lamanzere litachita matuza n'kuphulika. Ine sindivula sokosi pamaso pa munthu, ngakhale kutenthe bwanji, ndipo mwana wanga anali asanaonepo mapazi anga. Ndinavala ina msangamsanga n'kupita kukhitchini kukachapa ya magaziyo, poganiza kuti ali mtulo. Koma tsikulo anali pa ofu, akupuma kuntchito, ndipo anandipeza pa sinki.

"Agogo, magazi awa achoka pati?"

"Ndi nsapato chabe. Zatsopano zimaluma."

"Khalani pampando. Vulani zonse ziwiri."

"Lavulala ndi limodzi."

"Ndati zonse ziwiri. Ku ward ndikanena kamodzi ma patient amamva."

Anabweretsa beseni la madzi ofunda n'kugwada patsogolo panga. Kwathu mwana wamkazi amagwadira bambo ake popereka madzi, koma uyu anali asanandigwadirepo, ndipo ndinadziwa kuti apa wagwada chifukwa cha ntchito. Anandivula sokosi yekha. Anayang'ana matuza mwachangu, koma dzanja lake linakaima pa akakolo. Pamenepo pali mizere yoyera yozungulira mwendo uliwonse ngati makoza, khungu lake losalala lopanda cheya. Anatembenuza phazi n'kuona kunsi kwake, n'kuona zikhadabo zimene zinamera mokhota. Anakhudza malo aliwonse ndi chala, pang'onopang'ono, monga amachitira anthu odziwa kuwerenga thupi.

"Izi si nsapato," anatero.

"Ayi."

"Anakumangani nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka khungu linazolowera."

Anaika mapazi anga m'madzi, n'kupukuta manja, n'kukwera kuchipinda kwake. Ndinaganiza kuti zathera pomwepo. Koma anatsika ali ndi chithunzi chija, chimene anatenga m'katundu wa mayi ake pa maliro. Ine ndinalipo, kheni ili m'manja, mwala uli kumbuyo. Nkhope ya mayi wa ku Jeremani inali yokandidwa ndi singano mpaka pepala linaboola.

"Ndinamukanda ndili Sitandade 1," anatero. "Ndinkaganiza kuti mzungu ameneyu ndi amene anakutengani. Amayi anandikwapula, koma sanandiuze chifukwa. Ndege ikamadutsa ndinkathamanga kukaibayibitsa, anzanga n'kumandisirira kuti bambo ako ali kunja. Kenako munabwera opanda ngakhale switi."

Ndinati ndikukumbukira.

"Zoona ndinazimva ndili Fomu 2, kwa akazi a amalume, tsiku lina atakwiya. Anati ndisamadzimve, ndine mwana wa mkaidi. Ndinakwiya kuposa kale. Ndinati ngati zili choncho, bwanji eni ake osandiuza? Ndinadikira, ndadikira mpaka ndakalamba."

"Inenso ndinkadikira kuti undifunse, mwana wanga."

"Ndiye ndikufunsa. Mayi ameneyu ndi ndani, ndipo chimwala ichi n'chiyani?"

Ndinamufotokozera zonse, mapazi ali m'beseni. Kanali koyamba kufotokoza nthano imeneyi chichokere m'chipinda cha mawindo opakidwa penti, ndipo mawu ankatuluka movutikira ngati madzi a mu mpope umene wakhalitsa osatsegulidwa. Ndinanena za mfumu, za zingwe, za chiwombankhanga ndi maluwa. Ndinanena za tiyi wa kuseri kwa nyumba ya injini ndi za munthu wa malalanje. Za anyamata awiri aja sindinanene zambiri, poti anali ataziwerenga kale ndi chala chake. Nditafika pa Loweruka la m'kachipinda, ndinamuuzanso kuti nkhope yake inandithawa ndipo ndinkathirira maluwa m'malo mwake. Analira osapukuta misozi, ndipo anandimanga bandeji akulirabe.

Atatha anandifunsa dzina la tauniyo. Pakona ya chipinda chochezera pali kompyuta imene mdzukulu wanga amachitirapo za kusukulu. Anakhala pamenepo nthawi ndithu akusakasaka, ine ndili kumbuyo kwake, mpaka anapeza tsamba lofotokoza mbiri ya katauniko. Panali chithunzi chakale cha mfumu pa hatchi, ndipo kanali koyamba kuiona hatchi imene inandivula nsapato. Inali hatchi wamba, yonenepa m'mimba. Panalinso chithunzi cha mwala ndi maluwa ake. Anawerenga mpaka pansi.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti anauchotsa."

"Maluwawo?"

"Mwala womwe. Akuti unkatchinga msewu, mabasi ankavutika kukhota. Anauphwanya, miyala yake anakamangira khoma kumtsinje."

Anandionetsa chithunzi cha bwalolo mmene lilili lero. Pamene panali mwala pali kakhumbi kodikiriramo basi ndi bini ya zinyalala. Ndinamufunsa chaka chimene anauchotsa, ndipo atanditchulira ndinawerengera ndi zala. Ndinali ndidakali m'kachipinda kaja, maunyolo ali kumiyendo. Loweruka lililonse lija ndinkakwera makwerero kukathirira maluwa pa mwala umene unali kale m'khoma la kumtsinje, ndikudzilimbitsa mtima kuti uwu wokha ndiwo umakhala.

Ndinayesa kudziletsa, koma ndinalephera, ndipo ndinaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kuja kwa kuseri kwa nyumba ya injini, kumene ndinkayesa kuti kunafera m'ndende. Koma kusanafike patali ndinadzigwira pakamwa, ndipo maso anga anapita kuchitseko okha.

Ndakhala ndikuganiza za ufulu kuyambira tsiku limenelo. Anandimasula maunyolo, ananditsegulira chipata, ulamuliro unagwa, chipilala cha pamphambano paja ndinamva kuti kasupe wake anauma kalekale. Zonsezi zinachitika ine ndidakali kuyenda timasitepe tating'ono. Amene ananditsekera anandiuza kuti ndikhale chete, ndipo ndinawamvera zaka zambiri iwo atasiya kale kumvetsera. Wondilondera womaliza anali ine ndemwe, ndipo mwana wanga anali m'ndende yomweyo, chipinda choyandikana ndi changa.

Iye anaona kumene maso anga anapita. Anaimirira, n'kudutsa m'kanjira, n'kutsegula chitseko cha kumsewu mpaka chinagunda khoma. Kunja kunali dzuwa la madzulo, mabini atandandalikidwa m'mbali mwa msewu, ndi mayi wina wa tsidya lina akukankha mwana pa ngolo. Anayang'ana kumanja, n'kuyang'ana kumanzere, kenako anatembenukira kwa ine, chitseko chili chotsegula.

"Kulibe munthu, ababa," anatero. "Malizani kuseka."